Tonse Tinamudumpha Titho

Modester anafika kuno ku Lisasadzi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, atakhala pamwamba pa katundu m'lole imene inkatuta matenanti kuchokera ku Phalombe. Bambo ake analima fodya wa bale zaka zisanu pa esiteti ya kutsidya kwa dambo lathu. Chaka chachisanu ndi chimodzi anatopa nazo, anamanga katundu n'kubwerera kwawo. Modester anatsala, chifukwa Kalekeni, mnyamata wa m'mudzi mwathu, anali atamutenga chitengwa. Kuyambira pamenepo m'bale wake wapafupi anali pa ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo aliyense m'mudzi muno ankadziwa zimenezo.

Ine ndine Fainala. Khomo langa linayang'anizana ndi lawo. Amuna anga, a Benjamin, anamwalira chaka chimene makuponi a feteleza anayamba, ndipo chiyambire pamenepo ndimakhala ndi mdzukulu wanga Shalom yekha, amene mayi ake amagwira ntchito ku Lifupa. Sukulu ndinalekera Fomu 3. Pagulu sinditha kuyankhula. Ku Chigwirizano cha amayi akandiuza kuti nditseke ndi pemphero, ndimapempha mnzanga kuti apemphere. Ndanena zimenezi poyamba chifukwa zili ndi mbali yake m'nkhani ya Modester.

Akazi a kuno ankamuseka kayankhulidwe kake ka kummwera, ndiponso nandolo amene ankabzala m'malire a munda ngati kwawo. Iye ankangomwetulira. Koma m'chigafa, posoka fodya, panalibe womuseka. Ife tikamatha mkangala umodzi, ndodo yopachikapo fodya, iye amakhala ali pakati pa wachiwiri, osayang'ana n'komwe singano, zala zili bii ndi phula la masamba. Nthawi yothyola fodya timathandizana, lero chigafa cha uyu, mawa cha uyo, ndipo aliyense ankafuna kuti tsiku lake Modester asadwale.

Mwana wake woyamba, Tithokoze, anabadwa mu Febuluwale, fodya atapsa m'munda monse. Shalom wanga anali atabadwa milungu itatu m'mbuyomo. Titho anali khanda lonenepa, la mutu waukulu ndi chipumi chotuluka, timikono tili ndi makwinya ngati wamanga ndi ulusi. Tonse tinati ndi mwana wamphamvu. Fodya sadikira munthu, choncho Modester atangotuluka m'chikuta anabwerera m'chigafa. Kusoka uli ndi mwana kumbuyo kumapweteka msana, ndiye ankayala saka pakati pa nsanamira ziwiri n'kumugoneka pamenepo. Onyamula mikangala ankadutsa uku ndi uku tsiku lonse.

Sikelo imabwera kamodzi pamwezi pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Mlangizi wathu wa zaumoyo nthawi imeneyo anali a Grey, bambo wakhama amene ankapalasa njinga m'matope kuti atipeze. Sindifuna kuwanamizira. Ana anjala analipo, ndipo ambiri anapulumuka chifukwa cha iwo. Chaka choyamba buku la Titho linali bwino. Chaka chachiwiri mzere wake unayamba kutsalira. Shalom anayenda ali ndi chaka ndi mwezi umodzi. Titho anafika chaka ndi miyezi isanu ndi itatu akungokhwekhwereza matako, pamene pakamwa anali atayamba kale kutchula mayina a nkhuku zawo.

Kenako kunabwera thabwa loyezera msinkhu, pamodzi ndi mawu amene anadzaza m'kamwa mwa aliyense chaka chimenecho: kupinimbira. A Grey anamugoneka Titho pathabwapo, anawerenga, anapukusa mutu.

"Mayi a Tithokoze, tabwerani kutsogolo kuno. Mwanayu mukumudyetsa chiyani?"

"Phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Nthochi. Dzira likapezeka."

"Aliyense amandiyankha choncho. Koma thabwali siliona nkhope." Anamunyamula mwana uja kuti amayi tonse tione. "Onani mutuwu. Onani kamimbaka. Onani miyendo yopindikayi. Zonse zimene ndimakuphunzitsani mwezi ndi mwezi zili pa mwana mmodzi."

Wina kumbuyo anati, "Kwawo amadya kalongonda, ndiye mwina akumupatsa yemweyo." Amayi anaseka. Modester anayang'ana zala za kumapazi kwake.

Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona chinthu china. A Grey anazunguliza kalamba kaja pamkono wa Titho, kamene kamaonetsa zofiira mwana akawonda. Kanagwera pobiriwira, pakati penipeni. Anakamasula, anayezanso, kanagwera pomwepo. Anakayang'ana pang'ono n'kukaika m'thumba la malaya. M'buku analemba za thabwa zokha.

Kalekeni si munthu woipa, koma zonse amaziona ngati munda. Atamva za kusikelo anati chimanga chikatsalira sitikhala pansi n'kumachiyang'ana, timathira. Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka pa makuponi. Anatenga thumba la feteleza wobereketsa n'kukaligulitsa ku Santhe, nabwera ndi zitini za mkaka, majarini ndi soya. Chimanga chawo chinachita chikasu mpaka anthu odutsa pamsewu ankachiloza. Titho anadya zonsezo. Modester ankamukhazika pamwendo kasanu patsiku, sipuni ili m'manja, mwana akulira kuti wakhuta. Ananenepa mpaka khosi linasowa. Sanatalike.

Anthu atafuna kudziwa kumene mkaka uja unapita, anapeza yankho lawo. Ena anati Modester amamwa yekha. Ena anati amatumiza ku Phalombe. Kuchitsime ndinamva mayi wina akuti, "Ana a matenanti anazolowera kubisa chakudya." Ndinatunga madzi anga n'kumapita.

Kalekeni ali ndi mchemwali wake wamkulu, a Ezelina, amene anamulera mayi awo atamwalira. Ali ndi tiyirumu ku Santhe ndi ana asanu, onse ataliatali. Mawu awo pabanjapo ndi omaliza. Titho atakwanitsa zaka zitatu, a Ezelina anabwera pa kabaza, anamuyang'ana mwana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa funso limodzi.

"Mlamu, ali khanda unkamugoneka pati?"

"M'chigafa, alamu. Pasaka."

"Pansi? Pamene pamadutsa anthu?" Anatembenukira kwa Kalekeni. "Iwe, nzeru zako zinapita kuti? Mwanayu anamudumpha. Mukutaya mkaka pa mwana womangidwa."

Kwathu kuno mwana sadumphidwa. Ukamudumpha ali chigonere sakula, pokhapokha amene anamudumphayo adumphenso chobwerera. Tonse tinakula tikudziwa zimenezo, ndipo tili ana tinkamenyana chifukwa cha zomwezo. Vuto linali lakuti palibe amene ankakumbuka kuti anamudumpha. Ndiye a Ezelina analamula kuti aliyense amene analowa m'chigafa cha Kalekeni chaka chimene Titho anabadwa abwere Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Tinapezeka anthu khumi ndi anayi, ena titavala zakutchalitchi. Anayala mphasa pakati pa nsanamira zomwe zija n'kumugoneka Titho chagada. Iye ankayesa masewera. Aliyense akamayandikira ankamutchula dzina, n'kuseka mpaka timano tonse kuoneka.

Mkangano unayamba asanadumphe ndi mmodzi yemwe. Kuti umasule uyenera kudumpha mobwerera, koma ndani ankadziwa kuti poyamba anachokera mbali iti? A Ezelina anati aliyense adumphe kupita ndi kubwera, kuti pasakhale chokayikitsa.

"Ndiye tikamasula popita, pobwera sitimumanganso?" anafunsa bambo wina.

"Nanga uja anapita ku Joni? Ankanyamula mikangala kuposa tonse. Tiike foni pamphasapo adumphe ali komweko?" anawonjezera wina.

"Inu mukafuna zoseka pitani kumowa," anatero a Ezelina. "Yambirani kummawa. Dzuwa limachokera kumeneko."

Tinapanga mzere. Modester anaima potsamira nsanamira, manja atawapinda m'chitenje, nkhope ili gwaa. Itafika nthawi yanga ndinakweza chitenje changa pang'ono n'kudumpha.

"A Fainala, mwendo wanu ukunjenjemera," anatero Titho ali pansipo.

Unkanjenjemeradi, chifukwa ndinkadziwa kuti tikuchita zopanda pake.

Ndifotokoze zimene ndinkadziwazo, zochepa momwe zinalili. Tili Fomu 3 aphunzitsi a Bayoloje anabwera m'kalasi ndi chidale cha nkhuku chophika. Anatigwiritsa kansonga kake koyera, kofewa, kamene ana amakonda kutafuna, kenako anatiuza kuti tigwire makutu athu ndi nsonga ya mphuno. Anati chimenecho ndi chicherewecherewe, ndipo tonsefe tili m'mimba, mikono ndi miyendo yathu inayamba ili choncho. Fupa limabwera pambuyo, kuyambira pakati. Kunsonga zonse ziwiri kumatsala kofewa, ndipo fupa limatalikira kumeneko. Ndinalemba m'kope, ndinakhoza mayeso, ndinaiwala.

Ndinazikumbukira pa sadaka ya amuna anga. Mbuzi imene anapha inapezeka ndi bere, ndipo poti ine sindinkaloledwa kugwira ntchito ina, ndinakhala pafupi ndi amene ankatsuka matumbo. Kamwana ka mbuziko kanali kotalika ngati chala changa chapakati. Ndinakanyamula. Timiyendo take tinkapindika ngati mphukira ya mbatata, toyera mbee, ndipo nditatsina pakati ndinamva kanthu kolimba kangati njere ya mpunga. Kamwana kameneko kanali kasanadyepo udzu ndipo palibe anali atakadumpha, koma miyendo yake inali itayamba kale ulendo wake.

Ndiye ndikamuona Titho, thupi lodzaza, maso owala, mikono yongofika m'chiuno pamene ya Shalom inkafika pantchafu, mtima unkandiuza kuti nkhani yake ili kunsonga kofewa kuja, ndipo inayamba iye asanaone dzuwa. Koma ndinalibe dzina la chinthucho. Ndinalibe pepala. A Grey anali ndi thabwa ndi yunifolomu, a Ezelina anali ndi ana asanu ataliatali. Ine ndinali ndi chidale cha nkhuku ndi mbuzi ya pa sadaka. Kangapo ndinafika mpaka pakhonde la Modester mawu ali okonzeka, n'kungopempha moto.

Tsiku lodumpha lija a Ezelina anamuimiritsa Titho pansanamira n'kudula chizindikiro ndi mpeni. Anati abweranso fodya akapita ku okushoni. Atabwera, patatha miyezi inayi, chizindikiro chatsopano chinakwera pang'ono kwambiri, mwina ngati m'lifupi mwa chala. Anakhala pampando wa ndalema pakhonde nayankhula mokweza, moti ine ndinamva zonse ndili pakhomo panga.

"Tamasula, sizinatheke. Mkaka wagulidwa, sizinatheke. Chatsala ndi dzanja lodyetsa. Loweruka likubwerali ndikudzamutenga mwanayu, akakhale ndi ine ku Santhe. Ana anga onse ndinawakulitsa ndi dzanja ili."

"Achemwali, nanga mayi ake?" anafunsa Kalekeni.

"Akapume kwawo. Ndi zaka zingati asanaone makolo ake? Ya basi ndipereka ine."

Palibe amene anatchula tsiku lobwerera. Mkazi wa chitengwa akauzidwa kuti akapume kwawo mwana n'kutsala, tonse timadziwa tanthauzo lake. Kalekeni anayang'ana pansi. Modester analibe nkhoswe pafupi yoti imuyankhulire. Malume ake anali ku Phalombe, ndipo foni yawo inkangolira osayankhidwa.

Lachitatu anabwera kwanga ndi lichero la nandolo, akuti timenyere limodzi.

"Amayi," anatero, poti amanditchula choncho, "inu mumaona zonse za pakhomo panga. Munandionapo ndikumwa mkaka wa mwana?"

"Ayi."

"Ndiye ndalakwa chiyani? Ndimamudyetsa mpaka amasanza. Akandiona ndi sipuni amathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndikamusiya akuti ndikumumana, ndikamukakamiza akundida mwana wanga yemwe." Anataya makoko pansi. "Ku Santhe akakamudyetsa n'kukula, ndiye kuti zinali zoona. Mwina dzanja langa ndi loipadi."

Apo ndi pamene ndinaona kuti nayenso wayamba kukhulupirira. Ndinatsegula pakamwa, koma zimene zinatuluka ndi zakuti Mulungu aona. Anatenga lichero lake n'kumapita.

Lachisanu masana ana ankaphunzira nyimbo kutchalitchi, ndipo ndinapita kukatenga Shalom. Ndinalowera khomo la kumbuyo. Ana aang'ono anali atakhala pabenchi lalitali atandifulatira, onse atametedwa mofanana. Ndinafuna Shalom, ndipo ndinalakwitsa. Mutu umene ndinauyesa wake unali wa Titho. Anakhala moyandikana, mapewa ali pafupifupi pamzere umodzi. Nyimbo itatha anatsika pabenchi, ndipo Titho anangofika pachifuwa pa mnzake.

Ndinaima pakhomopo mpaka ana onse anatuluka.

Loweruka a Ezelina anafika m'mawa ndi kabaza awiri. Modester anali atalongedza kale zovala za mwana m'jumbo yabuluu, ndipo zake zinali m'chitenje chomanga. Anthu anasonkhana pachigafa, chimene chinali chopanda kanthu poti fodya anali atapita. Anabwera ngati odzatsanzika, koma ambiri anabwera kudzaonerera. A Ezelina anamugwira Titho padzanja.

Sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangopezeka ndanyamula benchi la pakhonde panga, Shalom akunditsatira. Ndinaliika pakati pa anthu.

"A Ezelina, pepani. Ndimati anawa akhale pansi kaye."

"Mwati chiyani? Kwezani mawu, a Fainala, sitili pamaliro."

"Akhale apa. Onse awiri."

Ndinawakhazika mofulatirana, misana itagundana. Ndinatenga mkangala umene unali pansi n'kuugoneka pamitu yawo. Unapendekeka pang'ono chabe. Kenako ndinawaimiritsa n'kuikanso. Unatsetsereka n'kugwa.

"Anabadwa mwezi umodzi," ndinatero. Ndinkayang'ana benchi, osati anthu. "Mwana wanjala amachepa thupi lonse. Amafooka, tsitsi limafiira. Uyu msana wake wakula ngati wa mnzake. Yatsalira ndi mikono ndi miyendo yokha. Chakudya sichisankha kuti chipite kumsana, kumiyendo ayi."

Ndinanena za chicherewecherewe, ndi za mbuzi ija. Ndinazinena moipa, mobwerezabwereza, ndipo pa mbuzipo anthu ena anaseka.

"Tamverani adokotala a Fomu 3," anatero a Ezelina. "Mwana wa mchimwene wanga mukumuyerekeza ndi mbuzi? Zaka zonsezi muli duu ngati chitsa, lero mwatsegula chipatala pachigafa?"

Koma Kalekeni anali atatola mkangala uja. Anawakhazikanso ana aja yekha, anaika, anawaimiritsa, anaikanso. Anachita katatu, ngati mmene amayezera mizere ya fodya ndi chingwe.

"Achemwali, dikirani sabata imodzi," anatero. "Ndikufuna akamuone kuchipatala chachikulu."

"Sikelo yamuona zaka zitatu."

"Sikelo imamugoneka. Sinamukhazikepo pansi."

Aka kanali koyamba kumumva Kalekeni akuwayankha achemwali ake. A Ezelina analipira akabaza aja ulendo wopanda kanthu, ndipo pokwera anandiyang'ana mwa njira imene sindinaiwale. Jumbo yabuluu anati isamasulidwe.

Lachiwiri tinapita anayi kuboma. Ine ndinapita chifukwa Modester anati ndikapanda kupita iye sakamva chilichonse. Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka. Amene anationa anali mayi wachitsikana wovala magalasi. Sanafunse za phala. Anamuyang'ana Titho akulowa pakhomo, anamutambasula zala, anamuyeza mutu, anamuyeza ataima ndi atakhala, natitumiza kukajambulitsa mafupa. Titabwerera anaika chithunzicho pawindo.

Anatembenuza pepala najambula kanthu kangati nyemba. Anati mwana amakhala wotero pa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, nthawi imene mayi amakhala akungoyamba kukayikira kuti mwina ali ndi pakati. Pamenepo timikono ndi timiyendo timakhala titaumbika kale, koma mulibe fupa, muli chicherewecherewe chokhachokha. Kenako pakati pa chilichonse pamayamba kulimba, kulimbako n'kumafalikira kunsonga. Kunsonga kumatsala kachigawo kofewa kamene kamakula, kumbuyo kwake n'kumasanduka fupa, mpaka munthu atasiya kutalika.

"Mwa mwana wanuyu kachigawo kameneko kamakula pang'onopang'ono," anatero. "Anabadwa nazo. Zinakhazikika tsiku lomwe mimba inakhala. Adzakhala munthu wamfupi moyo wake wonse. Nzeru zake zili bwinobwino, ndipo mwaona kale pakamwa pakepo."

Kalekeni anapotokola chipewa chake. "Jakisoni palibe?"

"Palibe, bambo."

"Nanga chakudya? Titawonjezera?"

"Muchepetse. Mwamunenepetsa kwambiri, ndipo miyendo yakeyi ikulemedwa. Azidya ngati mwana wina aliyense. Chimene muyenera kusamala ndi makutu, chifukwa ana otere amadwala makutu kawirikawiri, ndiponso msana. Muzibwera naye."

"Zachokera mbali iti? Kwa ine kapena kwa mayi akewa?"

"Ana ambiri otere amabadwa kwa makolo aatali ngati inu, ku mtundu kumene kunalibe wamfupi ndi mmodzi yemwe. Palibe amene analakwa." Anayang'ana Modester. "Mayi, mwamva? Palibe chimene munadya, palibe chimene munasiya kudya."

Modester anangogwedeza mutu. Mu minibasi pobwerera Kalekeni anayankhula kamodzi kokha, osayang'ana munthu. Anati, "Thumba la feteleza lija."

A Ezelina anabwera Loweruka lotsatira, ndi kabaza mmodzi. Kalekeni anawaonetsa pepala la kuchipatala nafotokoza momwe anathera. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye akuti sadzatalika? Ngakhale adye chiyani?"

"Akutero."

Anayang'ana Titho amene ankathamangitsa anapiye pabwalo, akugwedezeka uku ndi uku monga amayendera.

"Ine ndimafuna ndikamukulitse," anatero. "Ngati sakula, ndikamutengerenji? Kutiyirumu kumabwera anthu amitundumitundu, azikangomuloza. Akhale ndi mayi ake." Anadzuka n'kukutumula chitenje. "Koma kwathu kuno zoterezi kunalibe. Magazi a kutali awa, munthu sudziwa zimene wabweretsa m'nyumba."

"Adokotala anati sizichokera mbali iliyonse," anatero Kalekeni, koma motsitsa, ndipo iwo anali atafika kale panjinga.

Nkhani inathera pomwepo. Palibe amene ananenanso za kukapuma ku Phalombe. Palibenso amene anapita kwa Modester kukanena kuti tinakunamizira. Kuchitsime nkhani ya mkaka inazilala, m'malo mwake munalowa ina, yakuti ali ndi pakati ayenera kuti anaseka munthu wamfupi pamsika. Mwezi wotsatira kusikelo a Grey anawerenga pepala lija mofatsa, anati zoterezi sanawaphunzitse, kenako anamugoneka Titho pathabwa n'kulemba kuti wopinimbira, chifukwa pafomu yawo panalibe malo ena olembapo.

Titho tsopano ali Sitandade 5. Pabenchi la kusukulu miyendo yake imalendewera, ndiye Kalekeni anamukhomera kabokosi kopondapo kamene amanyamula tsiku ndi tsiku pamodzi ndi makope. Ali ndi azing'ono ake awiri, ndipo onse anamupitirira kale. Modester akadali wachangu kuposa tonse posoka fodya, koma ana ake enawo sanawagonekepo pansi m'chigafa. Ankasoka ali nawo kumbuyo, msana ukupweteka, ngakhale akudziwa bwino zimene adokotala ananena.

Loweruka limene a Ezelina anamusiya Titho kwa mayi ake lija, iwo atachoka, ndinapita kukamuthandiza kumasula jumbo yabuluu. Ankatulutsa timadiresi n'kumatipinda pamphasa, kamodzikamodzi.

"Wanditsalira chifukwa sakumufuna," anatero. "Si chifukwa chakuti aona kuti ndinkamudyetsa."

"Munkamudyetsa. Ine ndinkaona tsiku lililonse."

Anasiya kupinda. "Zija munanena pachigafa, za mbuzi zija. Munayamba kuziganiza liti?"

Ndikanatha kunama kuti Lachisanu lomwe lija, pabenchi la kutchalitchi. Koma anali akundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Kalekale. Thabwa lija litangobwera."

"Asanagulitse feteleza?"

"Inde."

Anatenga kadiresi kena, anakayala pabondo, anakasalaza ndi dzanja.

"Ndiye munamudumphiranji, amayi?"

Panja Titho ankakangana ndi Shalom za mwanapiye amene aliyense ankati ndi wake. Ndinakhala pamphasapo mpaka jumbo inatha, kenako ndinanyamula benchi langa, limene linali likadali pachigafa chiyambire sabata ija, n'kubwerera nalo kunyumba.